Bambo wa makilogalamu 108 musamuyambitse ndi kuthamanga

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa nkhani ija munatulutsa masabata apitawa, yonena za abambo onenepa kwambiri ndi matenda a mtima. Ndinaiwerenga kawiri, ndipo zambiri ndinkavomereza ndi mutu. Koma mlembi wanu atafika pa malangizo, anangoti abambo otere azilawirira m'mamawa n'kumathamanga, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Apo ndinaika nyuzipepala pansi n'kuseka ndekha. Amene analemba zimenezo ayenera kuti ndi munthu wa thupi lopepuka, yemwe sanamvepo kulira kwa bondo limene lasenza makilogalamu 108. Ine ndinakumva, pakuti makilogalamu amenewo anali anga.

Ndili ndi zaka 52, msinkhu wanga ndi mamita 1.72, ndipo kwa zaka zoposa 20 ntchito yanga yakhala ya pampando. Thupi silinabwere tsiku limodzi. Linkabwera mwakachetechete, kilogalamu imodzi, mwina awiri, pachaka, lamba n'kumasuntha bowo limodzilimodzi, mpaka ndinapezeka ndikumanga zingwe za nsapato nditagwira mpweya. Azaumoyo ali ndi kawerengedwe kotchedwa BMI: mumatenga kulemera kwanu m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita, kenako n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ikafika 25 ndiye kuti thupi lapyola muyezo, ikafika 30 ndiye kunenepa kumene kuli matenda. Yanga inali 36.5. Bungwe lomwelo limati mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko anali wonenepa chonchi, kotero kalatayi ili ndi eni ake ambiri.

Kuthamangako ndinakuyesa. Ndinagula nsapato zake, n'kulonjeza mayi a kunyumba kuti pakatha miyezi itatu sadzandizindikira. Ndinathamanga masiku 9. Tsiku la khumi bondo lamanzere linatupa ngati mwalowa madzi, moti kutsika masitepe ndinkachita cham'mbali, nditakakamira chitsulo chogwirira. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti munthu akamangoyenda chabe, bondo limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kawiri kapena katatu pa phazi lililonse limene waponda, ndipo akamathamanga zimaposa pamenepo. Chulukitsani 108 katatu muone katundu amene ndinkamenyetsa pa bondo limodzi, kambirimbiri, m'mawa uliwonse. Nsapato zija zinapita pansi pa bedi. Choipa kwambiri n'chakuti pamodzi ndi nsapatozo ndinaika pansi pa bedi maganizo onse ochita masewera olimbitsa thupi. Ndinadziuza kuti zimenezi n'za anyamata.

Chimene chinandidzutsa ndi pepala la zotsatira za magazi. Ndinapita kuchipatala chifukwa cha bondo lomwelo, adokotala atayeza BP n'kuipeza yokwererapo anati tiyezenso mafuta a m'magazi. Tsiku lokatenga zotsatira anatembenuza pepala kuti liyang'ane kwa ine, n'kuyamba kuzunguliza manambala ndi cholembera. Kolesterolo yense anali 6.7 mmol/L, pamene amafuna asapyole 5. LDL, amene anthu amamutcha woipa chifukwa ndi amene amakanirira m'makoma a mitsempha n'kumaipanikiza, anali 4.6, pamene kwa anthu ambiri amafuna akhale pansi pa 3. HDL, amene amatola kolesterolo n'kumubwezera kuchiwindi, anali 0.9, koma kwa mwamuna amafunika kuposa 1.0. Mafuta ena otchedwa triglycerides anali 2.6 m'malo mokhala pansi pa 1.7. Manambala anayi, mizere yozungulira inayi.

Ndinati, "Koma adokotala, ine sindikumva kuwawa paliponse kupatula bondoli."

Iwo anati, "Bambo, kolesterolo sawawa. Ambiri amamudziwa tsiku limene mtsempha watsekeka, kaya wa kumtima kaya wa kuubongo."

Kenako ananditumiza kwa mayi wina wa fiziyo, katswiri wothandiza minofu ndi mafupa pogwiritsa ntchito masewera olimbitsa thupi, kuti akaone bondo. Mayiyo atalipinda ndi kulitambasula, anandifunsa ngati kufupi ndi kwathu kuli dziwe losambiramo. Ndinawauza kuti ine kusambira sinditha, ndipo pa msinkhu uno sindikufuna kukamwa madzi pamaso pa ana. Anaseka. "Sindinati mukasambire, bambo. Ndati mukayende. Mukalowe mpaka madzi afike pachifuwa, mapazi ali pansi, muziyenda uku ndi uko."

Panatenga milungu itatu kuti ndipite. Ndinene chilungamo pano, chifukwa ndikudziwa kuti abambo anzanga ambiri sanganene: chimene chinkandiletsa si mantha a madzi ayi, koma kuvula shati. Munthu wa chimimba amadziwa kuchibisa. Amasankha malaya otaya, pojambulitsa amaima kumbuyo kwa anzake, pagulu amakhala atapinda manja pamimba. Kudziwe kulibe pobisala. Tsiku loyamba ndinafika mbandakucha kuti ndipeze kulibe anthu, koma ndinapeza anyamata awiri akusambira ngati nsomba. Ndinakhala pa benchi mphindi khumi thaulo lili m'khosi, ndikunamizira kuwerenga uthenga pafoni. Kenako ndinavula mwachangu ngati wakuba, n'kutsika makwerero, mimba ikugwedezeka. Anyamata aja sanacheuke n'komwe. Madzi atafika pachifuwa, chimimba chonse chinabisika, ndipo kunja kunatsala mutu ndi mapewa ngati a wina aliyense.

Zimene ndinamva m'miyendo nthawi imeneyo sindidzaziiwala. Bondo lija, limene kwa miyezi linkandikumbutsa za kukhalapo kwake pa phazi lililonse, linangoti zii. Ndinaponda, ndinapondanso, ndikudikira ululu, koma sunabwere. Ndinayesa kukweza bondo mpaka m'chiuno, chinthu chimene pamtunda ndikanagwa nacho chagada, ndipo linakwera bwinobwino. Ndinaima pakati pa dziwe, bambo wa imvi, ndikusekerera ndekha ngati mwana.

Palibe zamatsenga pamenepa. Archimedes, katswiri wachigiriki wa mumzinda wa Syracuse, anafotokoza zaka zoposa 2,200 zapitazo kuti chinthu chikalowa m'madzi, madziwo amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawasuntha. Kwa munthu woimirira m'dziwe zimatanthauza kuti madzi akafika m'chiuno, miyendo imasenza pafupifupi theka la kulemera kwake. Akafika pachifuwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akafika m'khosi, gawo limodzi mwa magawo khumi. Ndiye kuti maondo anga, ozolowera 108, anali atasenza makilogalamu 35 kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo apa wonenepa ali ndi mwayi umene wowonda alibe, chifukwa mafuta ndi opepuka kuposa madzi pomwe minofu ndi mafupa n'zolemera. Kwa nthawi yoyamba mafuta anga anandigwirira ntchito.

Wina angaganize kuti popeza thupi lapepuka ndiye kuti ntchito palibe. Ayesere. Madzi ndi othinana kuposa mpweya pafupifupi ka 800, moti mwendo uliwonse umene mukuponya kutsogolo ukukankha khoma lofewa, ndipo pobwerera ukukankhanso. Mukawonjezera liwiro, madziwo amakana mowirikiza. Ndiye muyezo wa ntchito uli m'manja mwanu: mukatopa mumachepetsa liwiro, khomalo n'kufewa nthawi yomweyo. Tsiku loyambalo ndinatha mphindi 15 zokha, ndili wefuwefu. Potuluka pa makwerero makilogalamu onse anandibwerera kamodzi, ngati wina wandisenzetsa thumba la simenti.

Zimene ndimachita tsopano n'zosavuta, ndipo ndizifotokoza kuti wina asaganize kuti pamafunika zida zodula. Mphindi zisanu zoyamba ndimayenda pang'onopang'ono kuti thupi lizolowere. Kenako ndimayenda mwamphamvu chopingasa dziwe, kupita chakutsogolo, kubwerera chammbuyo, ulendo wina cham'mbali ngati nkhanu, manja ali m'madzi akupalasa zikhatho zitatambasuka. Pakatipakati ndimathamanga pamalo amodzi mphindi imodzi ndikukweza maondo, n'kupuma poyenda mphindi ziwiri, n'kubwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Za manja ndimagwiritsa ntchito zigubu ziwiri zapulasitiki zopanda kanthu, zotseka bwino: kuzikankhira pansi pa madzi zikufuna kuyandama ndi ntchito yotopetsa mapewa kuposa momwe mungaganizire. Ndimamaliza ndi kugwira m'mphepete n'kumaponya miyendo. Zonse pamodzi ndi mphindi 45, kanayi pamlungu, zimene zikukwana mphindi 180. Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera a mphamvu yapakatikati mphindi 150 mpaka 300 pamlungu, komanso olimbitsa minofu masiku awiri. Pamtunda sindinafikepo ngakhale theka la mphindi zimenezo osavulala.

Zolakwitsa zanga ndizinene kuti ena asazibwereze. Choyamba, madzi amakunyengerera kuti uziyenda monyang'ama, ndi zala zokha. Mlungu woyamba akatumba a kumbuyo kwa miyendo anandiwawa mpaka usiku ndinkadzuka minofu itakokana. Mayi wa fiziyo uja anandiuza kuti ndizitsitsa chidendene mpaka chigunde pansi pa phazi lililonse, msana uli chilili, osawerama ngati ndikukankha wilibala. Chachiwiri, ndinkayang'ana kwambiri kawotchi kowerenga kugunda kwa mtima, n'kumadandaula kuti nambala siikukwera ngati pamtunda. Chimene chimachitika n'chakuti madzi amafinya miyendo ndi mimba, magazi ambiri n'kubwerera kuchifuwa. Mtima umadzaza kwambiri ndipo umapopa magazi ochuluka pa kugunda kumodzi, ndiye sufunika kugunda mofulumira. Muyezo wabwino ndi pakamwa: ngati mukutha kulankhula koma simungathe kuimba nyimbo, muli pa mphamvu yoyenera. Kufinya komweko n'kumene kumachititsa kuti mukangokhala m'madzi kanthawi mkodzo ukugwireni, chifukwa thupi limaona ngati madzi achuluka, impso n'kuyamba kuwataya. Onjezani thukuta limene simuliona poti muli kale m'madzi, mupeza kuti munthu atha kutuluka m'dziwe thupi lili louma m'kati. Ndimaika botolo la madzi akumwa m'mphepete, ngakhale anyamata aja amandiseka.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani, pamene olemba za masewera a m'madzi amakonda kudumpha. Patatha miyezi iwiri ndikupita kudziwe mokhulupirika, ndinakwera sikelo. Inati 109. Ndinatsika, ndinaisuntha, ndinakweranso. 109. Ndinakwiya mpaka ndinatsala pang'ono kusiya.

Anandithandiza ndi mayi a kunyumba. Anati, "Bambo, inu simukudziona, koma ine ndikukuonani. Masiku amene mwapita kumadzi mumadya ngati anthu awiri, ndipo usiku mumadzukanso kukatsegula mapoto." Ndinatsutsa, koma mumtima ndinadziwa kuti akunena zoona. Njala ya munthu wotuluka m'madzi si njala wamba. Imakugwira pamene ukupukuta thupi, ndipo imabwera ndi kamtima kakuti ndagwira ntchito, ndiyenera kudzilipira. Walira mvula walira matope. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya pafupifupi ka 25, ndipo thupi likazizidwa limaitanitsa chakudya. Mu 2005 ofufuza a pa University of Florida anapalasitsa amuna njinga yoima m'madzi kwa mphindi 45, tsiku lina m'madzi a madigiri 20, tsiku lina a madigiri 33. Mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yofanana, koma atachoka m'madzi ozizira aja anadya chakudya chochuluka ndi 44 peresenti.

Masamu ake ndi ouma mtima. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mphindi 45 za kuyenda m'madzi zimawotcha makalori mazana ochepa chabe, amene botolo limodzi la chakumwa chotsekemera ndi kachakudya kokazinga ka panjira zimawabwezera musanafike n'kunyumba komwe. Ndiye amene akunena kuti madzi amasungunula mafuta akunama. Madzi amakupatsani njira yogwiritsira ntchito thupi popanda kuvulala. Kutsika kwa sikelo kumagamulidwa pambale.

Ndinasintha zinthu zochepa. Ndikatuluka m'dziwe ndimasamba madzi ofunda n'kuvala msanga kuti thupi lisapitirize kuzizidwa, ndimamwa madzi, ndipo ndimadya chimene ndinakonzeratu ndisanachoke panyumba, osati chimene maso aona panjira. Zakumwa zotsekemera ndinasiyiratu. Mowa ndinachepetsa kwambiri, poti adokotala anandiuza kuti mowa ndi shuga ndi zimene zimakweza triglycerides msanga. Mafuta a nyama ndi zokazinga ndinachepetsa, masamba ndi zipatso ndinawonjezera, ndipo mbale yachiwiri ndinaitsanzika. Kuyambira pamenepo sikelo inayamba kutsika, mwaulesi, pafupifupi makilogalamu awiri pamwezi, mwezi wina osasuntha n'komwe.

Patatha miyezi 9 chiyambireni ndinali pa makilogalamu 97. BMI inatsika kufika 32.8, kutanthauza kuti m'mabuku a azaumoyo ndikadali wonenepa, ndipo sindikubisa. Koma makilogalamu 11 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi limene ndinayamba nalo, ndipo madokotala amati kutaya 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwako kumayamba kale kuoneka pa BP, pa shuga ndi pa mafuta a m'magazi. Ofufuza za nyamakazi ya m'maondo anapezanso kuti kilogalamu imodzi ikachoka pathupi, katundu wa pabondo amachepa ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa phazi lililonse. Bondo langa silinawerenge kafukufukuyo, koma masitepe ndikutsika molunjika.

Chida chimene ndinayamba kuchikhulupirira kuposa sikelo ndi tepi ya telala. Muzizunguliza pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya, osakoka mimba m'kati ngati mukujambulitsa. Kwa amuna, WHO imati masentimita 94 ndi chenjezo, 102 ndi chiopsezo chachikulu. Ena amapereka lamulo losavuta kukumbukira, lakuti mimba isapyole theka la msinkhu wako. Ine ndinayamba pa 118, tsopano ndili pa 106. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ngakhale miyezi iwiri ija sikelo inkakana, tepi inali itatsika kale ndi masentimita atatu. Mafuta a m'kati mwa mimba, ozinga chiwindi ndi matumbo, ndi amene amaopsa kwambiri, ndipo mwamwayi ndi amenenso amamva msanga munthu akayamba kugwiritsa ntchito thupi.

Nanga pepala la magazi? Apa ndipempha abambo anzanga atchere khutu, chifukwa ine ndinapita kuchipatala ndikuyembekezera kuomberedwa m'manja. Triglycerides anatsika kuchoka pa 2.6 kufika 1.6. HDL anakwera kuchoka pa 0.9 kufika 1.1. Koma LDL, mwini filimu, anangosuntha kuchoka pa 4.6 kufika 4.2. Kolesterolo yense anali 6.0. Mizere yozungulira inatsala iwiri.

Ndinafunsa mokhumudwa kuti thukuta lonse lija lapita kuti. Adokotala anandifotokozera modekha kuti zimenezi n'zimene amayembekezera. Minofu ikamagwira ntchito imakoka triglycerides m'magazi n'kuwawotcha, n'chifukwa chake amatsika msanga. Koma phindu limenelo limatha pakapita masiku awiri kapena atatu, ndiye kupita kudziwe kamodzi pamlungu n'kukadzipha ndi ntchito sikuthandiza ngati kupita kanayi modekha. HDL amakwera pang'ono, pakapita miyezi. LDL ndi wamakani, chifukwa kolesterolo wambiri m'thupi sachokera m'chakudya, amapangidwa ndi thupi lenilenilo, makamaka chiwindi, ndipo kuchuluka kwake kumatsata kwambiri mtundu umene munthu wabadwira. Alipo anthu, pafupifupi mmodzi mwa 250 alionse, amene amabadwa chiwindi chawo chisakutha kuchotsa bwino LDL m'magazi. Michael Brown ndi Joseph Goldstein analandira mphoto ya Nobel mu 1985 chifukwa chotulukira momwe maselo amakokera LDL ameneyu. Munthu wobadwa choncho atha kukhala wowonda, wothamanga mitunda, koma LDL ali m'mwamba. Anandifunsa ngati kwathu alipo amene anadwala mtima kapena sitiroko asanakalambe, ndipo ndinakumbukira bambo anga aang'ono, amene anagwa mwadzidzidzi asanakwane zaka 60.

Poona zaka zanga, BP yanga ndi mbiri ya kwathuyo, anandiyambitsa mankhwala a mtundu wa statin. Ndinakana kaye, poganiza kuti kumwa mapiritsi n'kuvomereza kuti ndalephera. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti kunali kudzikuza chabe. Mankhwalawa anayamba ndi wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, amene m'zaka za m'ma 1970 anapeza mu chuku chinthu chimene chimaletsa chiwindi kupanga kolesterolo wambiri, ndipo statin woyamba kuloledwa ku America anali lovastatin mu 1987. Chiwindi chikachepetsa kupanga, chimayamba kutola LDL wa m'magazi. Patatha miyezi itatu ndikumwa, LDL wanga anali 2.6. Dziwe linachita mbali yake, piritsi linachita yake, ndipo palibe chimene chikanalowa m'malo mwa chinzake. Ndikulemba izi chifukwa mnzanga wina amene ndinamukokera kudziwe, atangotsika makilogalamu anayi anasiya yekha mankhwala ake a BP ndi a kolesterolo, akuti madzi amuchiritsa. Anawayambanso mwana wake atamukalipira. Safunsa anadya phula.

Mwina wina afunsa kuti ngati LDL amamva piritsi, ndipo sikelo imamva mbale, kudziweko ndikukatani? Yankho linaperekedwa kalekale ndi mabasi a ku London. Mu 1953 dokotala Jeremy Morris ndi anzake anasindikiza zimene anapeza poyerekeza madalaivala ndi makondakitala a mabasi osanjikizana a mumzindawo. Anthuwa ankagwira ntchito m'basi imodzi, maola ofanana, koma dalaivala ankakhala pansi tsiku lonse pomwe kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe mazanamazana. Makondakitala ankadwala mtima mocheperapo kuposa madalaivala. Atayang'ana ngakhale kukula kwa mayunifolomu awo, zinaoneka kuti chitetezocho sichinali cha owonda okha. Morris mwiniwake ankasambira, kupalasa njinga kapena kuyenda pafupifupi tsiku lililonse mpaka atapyola zaka 90, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99. Ine ndinakhala dalaivala wa desiki zaka 20. Dziwe ndi masitepe okhawo amene maondo anga anavomera. WHO imati mu 2019 matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni, ndipo kukhala pansi ndi chimodzi mwa zimene zimawaitana, kaya pepala la kolesterolo likuti chiyani.

Machenjezo alipo, ndipo si ongokongoletsa kalata. Bambo wa msinkhu wathu, wonenepa, amene wakhala zaka osachita masewera, ayambe waonana ndi dokotala. Kufinya kwa madzi kuja, kumene kumabweza magazi kuchifuwa, kutha kulemetsa mtima umene uli wofooka kale. Amene BP yawo ili pamwamba kwambiri ndipo siinagonje ku mankhwala, a khunyu, a zilonda zosapola, ndi a shuga amene mapazi awo anachita dzanzi moti sangamve akadzicheka pansi pa dziwe, onsewa afunse kaye. Mukamva kupanikizika pachifuwa, ululu wotsikira kudzanja kapena kunsagwada, chizungulire, kapena kubanika kosiyana ndi kutopa wamba, tulukani nthawi yomweyo muitane thandizo. Musalowe m'madzi muli nokha ngakhale ndi ofika m'chiuno, ndipo musalowe mutalawako mowa. WHO inawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira. Amene alibe dziwe losambiramo ndipo akuganiza za mtsinje kapena nyanja, adziwe kaye kuya kwake, mphamvu ya madzi ake, ndiponso ngati mulibe likodzo.

Chinanso, kupepuka komwe kumapulumutsa maondo kumamana mafupa ntchito, pakuti fupa limalimba likamasenza katundu. N'chifukwa chake mayi wa fiziyo uja sanafune kuti ndikhazikike m'madzi mpaka kalekale. Nditatsika pansi pa makilogalamu 100 anandiuza kuti ndiwonjezere kuyenda pamtunda masiku awiri pamlungu, mphindi 20 poyamba, pamalo athyathyathya. Ndikutero, ndipo bondo silikudandaula. Nsapato zija ndinazitulutsa pansi pa bedi, ndinazikuntha fumbi, koma ndikuyendera, sindikuthamangira.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mukadzalembanso za abambo onenepa, mufunseko a fiziyo, ndipo mutchule kuti kuyenda m'madzi ofika pachifuwa kulipo ndipo sikulira kudziwa kusambira. Mutchulenso za njala ija, ndi za LDL amene samva thukuta lokha, kuti munthu asadzataye mtima pa mwezi wachiwiri monga ndinatsala pang'ono kuchitira ine. Kwa amene amayang'anira maiwe osambiramo, kaya a sukulu, a mahotela kapena a makalabu, ndikupempha kuti apatule ola limodzi m'mamawa, mbali yosaya ikhale ya oyenda, pakhale ndi wopulumutsa anthu. Ambiri a ife tikanayamba kale tikanadziwa kuti pa ola lakutilakuti tikapezako anzathu a mimba ngati zathu. Kumene ndimapita ine tilipo asanu tsopano, wamkulu ali ndi zaka 61, ndipo timayenda mondondozana chopingasa dziwe tikukambirana za mpira, mpaka wina mawu atayamba kudukaduka, apo timadziwa kuti liwiro lakwana. Magazi ndikayezetsanso mwezi wamawa, ndipo tepi ikuti kwatsala masentimita anayi kuti ndifike pa 102.

Ine wanu wowerenga,
Bambo wa zaka 52 woyenda m'madzi